Matumbo Akabooka Mwana Asanabadwe

Chimbudzi choyamba cha khanda chimakhala chakuda mobiriwira ndi chonanda, ndipo madokotala amachitcha meconium. Nthawi zina matumbo a mwana amatsekeka kapena kupotana iye akali m'mimba mwa mayi wake, kenaka n'kubooka. Pamenepo chimbudzi chija chimatayikira m'mimba mwa mwanayo ndi kutupitsa nembanemba yokuta matumbo. Nthenda imeneyi, yotchedwa meconium peritonitis, imagwira pafupifupi khanda limodzi mwa makanda 30,000.

Chimene madokotala amafuna kudziwiratu n'chakuti kodi mwanayo adzafunika opaleshoni akangobadwa, ndipo yankho amalifuna pa sikani. Chimbudzi chotayikacho chimauma ndi kusanduka timiyala towala pa chithunzi. Chodabwitsa n'chakuti timiyala timeneti tikaoneka patokha timapatsa chiyembekezo, pakuti kawirikawiri bowo limakhala litatsekeka lokha, ndipo ana otere ambiri safuna mpeni. Nkhawa imadza pamene paonekanso madzi m'mimba mwa mwanayo, chotupa chonga thumba, kapena matumbo ofufuma. Mu 2007 madokotala a ku Monza, m'dziko la Italy, adasanja zizindikirozi m'magulu, nasonyeza kuti zikamachuluka, ana ofunika opaleshoni amachulukanso.

Mayi amene sikani yake yaonetsa zotere ayenera kukachirira kumene kuli akatswiri a opaleshoni ya makanda, monga ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene chipatala cha ana cha Mercy James chidatsegulidwa mu 2017, pakuti khanda lotupa mimba limabanika msanga, ndipo ulendo wautali wa ambulansi silingaupirire.