Beira: doko la feteleza wathu limene lili pakati pa mtsinje ndi nyanja

Feteleza amene timathira m'minda muno m'Malawi amachokera kunja pa sitima zapamadzi, ndipo wambiri amatsikira pa doko la Beira m'dziko la Mozambique asanapakiridwe m'malole odzera ku Tete ndi Mwanza. Fodya, tiyi ndi shuga wathu wina amatulukiranso pomwepo. Choncho ngakhale ambiri mwa ife sitinaionepo nyanja yamchere, zochitika pa dokoli zimatikhudza m'thumba. Sabata ino, alimi anzanga, tiyeni tione malo amene mzinda wa Beira unamangidwapo ndi m'mene eni ake akuyesera kuwasamala.

Beira ili pa mathiriro a mitsinje iwiri, Pungwe ndi Buzi. Pungwe amachokera pa phiri la Nyangani ku Zimbabwe ndipo amayenda makilomita pafupifupi 400 kuti akafike ku nyanja yaikulu ya India. Mathiriro otere amasiyana ndi a Bua kapena Linthipe pa nyanja yathu. Nyanja yamchere imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa mwezi umakoka madzi ake. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mu mdima, madzi amakwera kwambiri. Ukakhala theka amakwera pang'ono. Pa Beira kusiyana kwa madzi okwera ndi otsika kumatha kupitirira mamita 6, kutanthauza kuti pamene munthu anayenda pansi m'mawa, masana pangamire nyumba ndi denga lomwe.

Nyanja ikakwera imalowa mu mtsinje ndi kukankhira madzi ake m'mbuyo. Ikatsika, mtsinje umapeza mpata wotuluka. Kusinthana kumeneku ndiko kumaumba malo onsewo. Madzi a mtsinje amabwera ndi dothi la kumtunda, ndipo akakumana ndi mchere tizidutswa ta dothilo timagwirana, timalemera, n'kukhazikika pansi. Ndiye chifukwa chake madzi a pa Beira amakhala ofiirira ngati thobwa chaka chonse, ndipo gombe la mtsinje ndi matope okhaokha.

Matope amenewa ndi nthaka yachonde ya mtundu wake. Pamamera mitengo ya mangrove, imene kumeneko nkhalango yake amaitcha mangal. Iyi ndi mitengo yopirira mchere. Wina umatulutsa timizu tosongoka ngati mapensulo toyang'ana kumwamba kuti uzipuma, poti m'matope mulibe mpweya. Wina umaima pa mizu yonga miyendo, ndipo mbewu yake imamera ikadali pa mtengo, kenaka n'kugwa ngati mkondo ndi kudzibzala yokha. Masamba akayoyoka amaola ndi kusanduka chakudya cha nkhanu, tiana ta nsomba, ndi tinyama tam'madzi tija Apwitikizi amati camarão, Angerezi n'kumati prawns. Tinyamati timaswana kunja m'nyanja, koma ana ake amakulira m'mizu ya mangrove asanabwerere kumadzi akuya a Sofala kumene asodzi amakawagwira n'kuwagulitsa kunja. Mlimi aliyense amadziwa kuti wopanda nazale alibe fodya. Mangal ndiye nazale ya asodzi. Mizu yomweyo imagwira dothi ndi kufooketsa mafunde asanafike pa nyumba za anthu.

Vuto ndi lakuti pa malo amenewa panakhala mzinda. Apwitikizi anakhazikitsa kampu ya asilikali pamenepa m'chaka cha 1887, pa kamzere ka mchenga pakati pa nyanja ndi dambo, ndipo mu 1907 malowo anakwezedwa kukhala mzinda. Lero muli anthu oposa theka la miliyoni. Ambiri anabwera pothawa nkhondo imene inatha mu 1992, n'kumanga paliponse pamene anapeza, ngakhale m'madambo momwe amayi amalima mpunga m'dzinja ndi mbatata madzi akaphwera. Munthu akafuna kumanga, amagula mchenga, n'kukwirira dambo, n'kuimika nyumba. Iye wapulumuka, koma madzi amene ankakhala pamenepo apita kwa mnansi wake. Mbali zambiri za mzindawu n'zotsika moti nyanja ikakwera kwambiri imakhala pamwamba kuposa ngalande. Mvula yamphamvu ikagwa pa ora limenelo, madzi amasowa kolowera. Amadzaza m'makwalala ndi m'nyumba, amasefukiza zimbudzi, ndipo malungo ndi kolera zimatsatira.

Nkhani yophunzitsa kwambiri ndi ya kamtsinje kotchedwa Chiveve, kamene kamadutsa pakati penipeni pa mzinda, kotalika makilomita osapitirira 4. Kale nyanja inkalowa m'kamtsinjeka ndi kutuluka kawiri pa tsiku, n'kumakatsuka. M'zaka za m'ma 1980 khomo lake la ku nyanja linatsekeka. Madzi ataleka kuyenda, matope anadzaza, anthu anayamba kutayamo zinyalala ndi zonyansa, ndipo ena anamanga m'mphepete mwake. Chiveve anasanduka chithaphwi chonunkha, ndipo mvula ikagwa misika ndi nyumba za pafupi zinkamira.

Pakati pa 2013 ndi 2017, boma la Mozambique ndi khonsolo ya mzindawu, imene nthawiyo inkatsogoleredwa ndi malemu Daviz Simango, anakonza kamtsinjeka ndi thandizo la banki ya ku Germany yotchedwa KfW. Pano mpamene pali nzeru yake. Sanakakwirire, ndipo sanakasandutse ngalande ya simenti. Anachotsa matope ndi zinyalala, anakakulitsa, anatsegulanso khomo lake pafupi ndi doko la asodzi, n'kuikapo zitseko zazikulu. Masiku wamba zitsekozo zimakhala zotsegula kuti nyanja izilowa ndi kutuluka monga kale, zimene zimatsuka mtsinje ndi kusunga mangrove amoyo. Koma a zanyengo akachenjeza za mvula yamphamvu, ogwira ntchito amadikira nyanja itsike, n'kutseka. Nyanja ikakweranso imapeza potseka, ndipo Chiveve amakhala ngati mtsuko wopanda kanthu wodikira madzi a mvula. Nyanja ikatsika amatsegula, madzi onse n'kutuluka. Mabanja ena amene anamanga m'mphepete anasamutsidwa, zimene sizikhala zokoma kwa wosamutsidwayo ngakhale cholinga chikhale chabwino. Pambuyo pake m'mbali mwa mtsinjewo munakonzedwa paki yokhala ndi msika ndi mabwalo a masewero, imene inatsegulidwa mu 2020. Paki ikuoneka ngati chinthu chongosangalatsa, koma ili ndi ntchito yaulonda: pamalo pamene anthu amacheza tsiku ndi tsiku, munthu sangamangepo chisakasa usiku kapena kukhuthulapo zinyalala osaonedwa.

Mbali zina za mzinda, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza kukonza ngalande zotalika makilomita 11 ndi kukumba dziwe lalikulu losungira madzi a mvula ku Maraza. Ntchitoyi inatha mu 2018.

Mayeso anabwera msanga. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai, yemwe uja anali atayamba wamiza midzi ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe, anagwera pa Beira. Mphepo inasasula madenga mzinda wonse, ndipo bungwe la Red Cross linati pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mzindawo anaonongeka. Anthu oposa 600 anamwalira m'dziko la Mozambique, ambiri chifukwa cha kusefukira kwa Buzi ndi Pungwe kumidzi. Msewu waukulu wochoka ku Beira unaduka kwa masiku angapo, malole a katundu wa maiko a kumtunda n'kuima. Koma madera amene ngalande zake zinakonzedwa sanamire monga ankachitira kale. Tisathamangire kuombera m'manja, chifukwa panalinso mwayi: namondweyo anafika pa masiku amene nyanja imakwera pang'ono. Akanafika mwezi uli wathunthu, madzi amchere akanalowa kutali m'kati mwa mzinda, ndipo zitseko za Chiveve pazokha sizikanatha kuwaletsa. Ku Praia Nova, kumene asodzi anamanga pa gombe penipeni, nyanja imalowabe m'nyumba ngakhale popanda namondwe.

M'chilimwe vuto limatembenuka. Pungwe akaphwa, mphamvu yake yokankha nyanja imachepa, ndipo mchere umakwera mtsinje mtunda wautali. Pafupifupi makilomita 80 kuchokera ku nyanja pali popopera madzi othirira minda ya nzimbe ya Mafambisse, ndipo m'zaka za chilala mchere umayandikira pamenepo. Wolima m'dimba amadziwa chimene madzi amchere amachita: mbewu zimafota ngati zapsa, ndipo nthaka imachita zoyera pamwamba n'kukana kubereka kwa zaka. Madzi akumwa a mzinda wa Beira amachokeranso mu Pungwe yemweyo, ndipo popopera pake panasunthidwira kumtunda, ku Dingue-Dingue. Kumtunda kwenikweni, mzinda wa Mutare ku Zimbabwe wakhala ukupatutsa madzi a Pungwe kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Aliyense wotunga kumtunda amakokera mchere pafupi ndi wa kumunsi. Anthu ena akaona madzi a mtsinje akulowa m'nyanja amati akungotayika. Amenewo ndiwo madzi amene akugwira mchere kuti usafike m'minda.

Dothi nalo lili ndi malire ake. Lochepa limadyetsa mangrove, koma lochuluka limatseka njira ya sitima. Kulima m'mphepete mwa mitsinje, kudula mitengo m'mapiri ndi kukumba golide m'makhwawa a ku Manica zimaonjezera matope mu Pungwe. Sitima zolowa pa doko zimadzera mu ngalande yokumbidwa pansi pa nyanja yotchedwa Macuti, imene imakwiririka nthawi zonse, ndipo kampani ya boma ya Emodraga imakhalira kuikumba. Njirayo ikachepa kuya, sitima yaikulu imadikira kunja mpaka madzi akwere, kapena imabwera ndi katundu wochepa. Tsiku lililonse limene sitima yaima limalipiridwa, ndipo ndalamayo imakathera pa mtengo wa thumba limene inu mumanyamula pa njinga.

Chovuta kuposa zonse ndi mangrove a kunja kwa mzinda. Mitengo yake ndi yowongoka, siola msanga ndipo chiswe sichiikonda, motero imafunidwa pa milimo ndi makala. Mzinda ukamakula, msika wake umakulanso. M'timitsinje tolowa m'nkhalangomo asodzi ena amatchera ukonde wa maso ang'onoang'ono wotchedwa chicocota, umene nthawi zambiri amausoka ndi maneti a udzudzu. Ndi woletsedwa, chifukwa umakokolola ndi ana omwe, monga momwe maneti otere amathera tiana ta chambo kwathu kuno. Boma limatsekanso usodzi wa camarão kwa miyezi ingapo chaka chilichonse kuti ana akule. Koma lamulo lokha silikwanira kwa munthu amene ana ake agona ndi njala, ndipo apolisi sangalondere matope onse a m'gombe.

Ku Nhangau, kunja kwa Beira, anthu a m'midzi anapanga komiti yoyang'anira zachilengedwe, imene imabzala mangrove ndi kulondera odula. Kubzala kwake kumafuna luso monga mbewu ina iliyonse. Mtundu uliwonse uli ndi malo ake: wina umafuna pamene madzi amafika tsiku ndi tsiku, wina pamene amafika mwa apo ndi apo. Mbande yoikidwa pamene mafunde ndi amphamvu imakokoloka, ndipo yoikidwa pamene nyanja inaleka kufika imauma ndi mchere wotsalira m'nthaka. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba atsegula njira za madzi zimene zinatsekeka. Madzi akayamba kulowa ndi kutuluka, mbewu zambiri zimabwera zokha zikuyandama, n'kumera popanda wozibzala.