Chionetsero Chopanda Denga cha m'Chigwa cha Shire

Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti ukafika, mzinda wa Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, umadzaza ndi alendo ochokera ku mbali zonse za dziko lapansi. Mwambo umenewu unayamba m'chaka cha 1947, nkhondo yachiŵiri itangotha kumene, ndipo kufikira lero anthu amakhamukirako kukaona zisudzo, kumva nyimbo ndi kuzungulira m'nyumba zoonetsera zinthu zaluso. Eni mzinda amalengeza masiku ake miyezi ikadali kutali, kotero kuti mlendo amadziŵiratu chimene akaone, tsiku lake, ola lake ndi mtengo wake asananyamuke kwao.

Mumzinda womwewo muli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale yotchedwa National Museum of Scotland. Kuyambira mu Novembala 2012 mpaka Epulo 2013 nyumba imeneyi, mogwirizana ndi a Museums of Malawi, inachititsa chionetsero chokumbukira zaka 200 chibadwire cha David Livingstone, amene anabadwa m'chaka cha 1813. Pakati pa katundu amene nyumbayi imasunga pali chipangizo choombera nsalu cha Amang'anja, chimene Livingstone anatumiza kwao kuti anthu a ku Ulaya aone ndi maso kuti ku Shire kunali thonje ndiponso anthu odziŵa kuliomba. Mlendo wa ku Edinburgh angathe kuchidziŵa chipangizo chimenechi, pamene mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje angathe kukula mpaka kumera imvi osaonapo munthu akuomba nsalu ndi manja.

Livingstone analoŵa mu mtsinje wa Shire mu Januwale 1859 pa sitima yapamadzi yotchedwa Ma Robert. Anadutsa m'dziko la mfumu Tengani, ndipo pambuyo pake anadziŵana ndi mfumu Chibisa kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Zimene anazipeza m'midzi zinamdabwitsa. Amuna ankapota thonje atakhala pa mthunzi, osula ankasula makasu ndi nkhwangwa, ndipo amai ankatcheza mchere kuchokera m'dothi la m'chigwa. Thonje linalipo la mitundu iŵiri, lina lachikhalire ndipo lina lochokera kunja limene ankalitcha la manga. Nsalu yake, yotchedwa machila, inali yolimba ndipo inkagulitsidwa mpaka ku Zambezi. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala anafotokoza bwino za moyo umenewu m'buku lake la m'chaka cha 1990 lonena za ntchito ndi ulamuliro m'chigwa chimenechi kuyambira 1859 mpaka 1960. Nsalu za m'sitolo zitachuluka ndipo thonje litasanduka mbeu yongolimira msika, luso loomba linazilala pang'onopang'ono mpaka linatha.

Nkhani ya machila ndi chenjezo, pakuti Chigwa cha Shire chikadali ndi zambiri zoti mlendo aone, ndipo zonsezo zingathe kutsata njira yomweyo. Kusiyana kwake ndi Edinburgh n'kwakuti chionetsero cha m'chigwa chilibe denga, chilibe khomo lolipirira, ndipo masiku ake salembedwa ndi munthu. Amene amaika masikuwo ndi mvula ndi mtsinje. Munthu wochokera ku Blantyre amayenda makilomita pafupifupi 50, natsika phiri lokhotakhota mpaka pa Thabwa, naoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Kuchokera pamenepo mseu umapita kum'mwera kudzera ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, kumene Azungu ankakutcha Port Herald. Chimene mlendoyo akapeze m'njira imeneyi chimadalira mwezi umene wasankha.

Nyengo yachisanu, kuyambira Meyi mpaka Julaye, ndiyo yokomera mlendo wosazoloŵera kutentha. Pa nthaŵi imeneyi mapira ndi mchewere zimakhala zitaloŵa m'nkhokwe, thonje lili pa msika, ndipo madzi akamaphwa m'madambo anthu amatsikira ku madimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba. M'misika ya ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mumapezeka ntchito za manja a eni dera: mphasa za bango, mikeka ndi madengu a mlaza, mbiya ndi miphika, mitondo ndi mipini, pamodzi ndi miono yogwirira nsomba. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinapangidwira kukongoletsa chipupa, pakuti zonse n'zogwirira ntchito, komabe woyang'ana modekha amaona mmene dzanja la wina limaposera la mnzake pa kaphatikizidwe ka mlaza ndi kaumbidwe ka khosi la mtsuko. Ku madooko a Elephant Marsh, dambo lalikulu limene linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2017, bwato losemedwa kuchokera ku mtengo umodzi likadali galimoto la msodzi.

Chilimwe chikaloŵa, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ng'oma zimalira. Ntchito ya kumunda imakhala itachepa, chakudya ndi chimera chilipo, motero iyi ndiyo nthaŵi ya maukwati, zinamwali ndi miyambo yokumbukira akufa. Kwa Amang'anja kumatuluka Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira m'chaka cha 2005 kuti ndi chimodzi mwa chuma cha mtundu wa anthu. Chigwachi chimadziŵikanso ndi magule a utse ndi likhuba, amene ng'oma zake zimakhala zambiri, iliyonse ndi liu lake, ndipo zimayankhana ngati anthu okambirana nkhani. Palinso valimba ya Asena, imene ena amaitcha ulimba, choimbira cha timatabwa toyalidwa pamwamba pa zikho, chimene anthu angapo amachiimba pamodzi, aliyense ndi gawo lake. Masiku ano gulu la Mgumano wa Asena ndi Amang'anja limasonkhanitsa mitundu iŵiriyi kuti ionetse magule ndi zakudya zake pa bwalo limodzi, ndipo imeneyi ndiyo nthaŵi imene mlendo angathe kuona zambiri tsiku limodzi.

Nyimbo zimenezi nazonso zinayenda ulendo wonga wa chipangizo cha machila. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'dziko lino ndi makina ojambulira mau, ndipo anajambula ng'oma ndi nyimbo za Amang'anja. Zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Ndi mwai kuti zinasungidwa, pakuti popanda iye mau a oimba a nthaŵi imeneyo akanapita nawo kumanda. Koma funso limene liyenera kufunsidwa ndi lakuti, kodi zidzukulu za oimbawo zidzawamvera kuti agogo ao?

Kumapeto kwa chilimwe, mu Okutobala ndi Novembala, chigwa chimatentha koopsa, mwina kupitirira madigiri 40, ndipo maso a munthu aliyense amakhala kumwamba. Apa ndi pamene dzina la Mbona limatchulidwa. Kufupi ndi boma la Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wake. Akuluakulu amasimba kuti Mbona anali wovina mvula amene anathaŵira kum'mwera pothaŵa adani ake, ndipo atamupha mwazi wake unayenderera ngati mtsinje, mutu wake nuikidwa ku Khulubvi. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwachi, analemba m'buku lake lotchedwa River of Blood la m'chaka cha 1992 kuti chipembedzo chimenechi, monga chikudziŵikira lero, chinakhazikika cha m'ma 1600. Mlembi Steve Chimombo nayenso anaumba seŵero lake lotchedwa The Rainmaker kuchokera pa nkhani yomweyi. M'chaka cha 2011 dziko la Malaŵi linapereka dzina la Khulubvi ndi akachisi ogwirizana naye ku UNESCO, pa mndandanda wa malo oyembekezera kuganiziridwa kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.

Pa Khulubvi ndi pamene pamaonekera poyera kusiyana kwa chionetsero cha ku Ulaya ndi cha m'chigwa. Ku Edinburgh, amene walipira ali ndi ufulu woloŵa ndi kuyang'ana chilichonse. Ku Khulubvi ndalama sitsegula njira. Wofuna kuloŵa amayamba waonekera kwa osunga malowo, amavula nsapato, amavala nsalu yakuda, ndipo amaima pamene wauzidwa kuti aime. M'nkhalangomo sadulamo mtengo, ndipo chifukwa cha lamulo limeneli mitengo yachilengedwe yatsalamo pamene madera ozungulira ayera ndi nkhwangwa. Kumanganso kachisi ndi kupereka nsembe ndi nkhani za mafumu monga Lundu, Tengani ndi Ngabu, osati za ofuna kukopa alendo. Mlendo wanzeru amavomereza kuti pali zina zimene sizinaikidwire maso ake kapena kamera yake. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo mau ameneŵa amagwiranso ntchito pa dambwe la Gule Wamkulu ndi pa tsimba la anamwali.

Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chionetsero chimatsekedwa ndi mtsinje womwe unachitsegula. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula nyumba, anakokolola mbeu ndi ziŵeto, ndipo anasamutsa midzi yathunthu. Poŵerengera zimene zatayika, a boma ndi mabungwe amalemba nyumba, milatho ndi maekala a chimanga. Ng'oma imene yapita ndi madzi silembedwa, ngakhalenso valimba, ngakhalenso bwalo limene mudzi unkavinirapo. Anthu a mudzi umodzi akamwazikana m'misasa ndi m'malo atsopano, gulu la oimba limene linkadziŵana kamenyedwe limatha popanda wolengeza. Nkhalamba yodziŵa kusema ndi kuchuna valimba ikatsikira kuli chete isanaphunzitse mnyamata, palibe sitolo imene ingagulitse nzeru imeneyo.

Alendo amafika ndithu m'chigwachi, koma ambiri amadzera nyama. Nkhalango ya Majete, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira m'chaka cha 2003, yabwezeretsedwa njobvu, zipembere ndi mikango, ndipo Lengwe imadziŵika ndi nyama ya boo. Ena amadzaona mathithi a Kapichira ndi manda a Azungu oyamba, monga a Richard Thornton amene anamwalira m'chaka cha 1863, kapena malo a ku Chiromo kumene Bishopu Charles Mackenzie anafera mu Januwale 1862. Galimoto zao zimadutsa m'misika mawindo ali otseka, ndipo woumba mbiya amangoona fumbi. Mwambi uja wakuti mlendo ndi mame umakwanira pamenepa, pakuti amabwera m'maŵa, dzuŵa likakwera wapita, osasiya kanthu m'manja mwa eni luso.

Chimene chigwa chingaphunzire ku Edinburgh si kumanga nyumba zazikulu za miyala. Phunziro lake ndi lakuti anthu a kumeneko amalemekeza zimene ali nazo mokwanira kuzilembera tsiku ndi kuzipatsa malo. Maboma a Chikwawa ndi Nsanje angathe kukhala ndi kalendala yolengezedwa chaka chikamayamba, yonena za magule ndi misonkhano imene mafumu avomereza kuti alendo aone. Pangathe kukhala chipinda chimodzi pa malo okwera, kumene madzi safikako, chosungiramo ng'oma, valimba, zithunzi za chipangizo cha machila ndi nyimbo zimene Tracey anajambula, kuti ana a sukulu azimva ndi kuona za kwao popanda kukwera phiri kupita ku nyumba ya zakale ya ku Chichiri. Oimba ndi oluka angathe kulipidwa m'manja mwao, pa mtengo umene iwo eni agwirizana, ndipo osunga Khulubvi angathe kukhala ndi mau omaliza pa zimene ziyenera kuonedwa ndi zimene ziyenera kubisika.

Chipangizo cha machila chinapulumuka chifukwa chinatengedwa kupita kutali, koma luso lake linafa chifukwa kwao kunalibe wolisamala. Valimba, likhuba, utse ndi mitengo ya ku Khulubvi zikadalipo, ndipo odziŵa mwambo wake akadali moyo m'midzi ya Chapananga, Makhuwira, Tengani ndi Ndamera. Wofuna kuziona asadikire kuti zidzaikidwe m'galasi ku mzinda wina wa ku Ulaya. Atsike phiri chilimwe chikubwerachi, ayambe wapereka moni kwa mfumu, akhale pa mphasa imene ampatse, ndipo pobwerera agule dengu kwa amene analiluka.