KODI KAMPATA KA KUNSONGA YA SAKSOFONI KALI NDI KANTHU?

Pakati pa oliza saksofoni pali mkangano umene sutha. Mkanganowo suli pa lipenga lonse lamkuwa lija ai, koma pa kacidutswa koika m'kamwa, kamene eni ake amakacha mouthpiece. Kunsi kwa kacidutswaka amamangirirako kabango kopalidwa bwino, kopyapyala kunsonga, ndipo pakati pa nsonga ya kabango ndi nsonga ya mouthpiece pamatsala kampata. Mpweya wa woliza umapita pa kampata kameneka, kabango kamanjenjemera, kutseka ndi kutsegula njira kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mau amabadwira pomwepo. Tsono funso ndi ili: kampatako kakakula kapena kucepa pang'ono cabe, kodi pali cimene cimasinthika?

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi amene wapatsidwa saksofoni ndi a chalichi kapena a sukulu, funsoli likhudza thumba la makolo. Mouthpiece ndi timabango si katundu wa m'magolosale a pa Katete Stores. Munthu ayenera kutuma wina ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East, ndipo akatumiza zolakwika, ndalama zapita. Kawirikawiri wophunzira akamva woliza wina ali ndi liu lalikulu, amathamangira kufunsa nambala yolembedwa pa mouthpiece yake, poganiza kuti cinsinsi cagona m'nambalamo.

Tiyambe taona manambalawo. A kampani ya Yamaha, pa saksofoni ya alto, anaika mpata wa mamilimita 1.60 pa mouthpiece yochedwa 4C, mamilimita 1.70 pa 5C, ndi 1.80 pa 6C. Kucokera pa nambala imodzi kufika pa inzake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kumene kuli ngati kucindikala kwa pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu. A Otto Link a ku America amayesa ndi inchi. Pa saksofoni ya tenor, nambala 7 ili ndi mpata wa 0.100, nambala 7 ya nyenyezi ili ndi 0.105, ndipo nambala 8 ili ndi 0.110. Dziwaninso kuti nambala 5 ya kampani ina silingana ndi nambala 5 ya kampani inzake. Aliyense amene anagulapo nsapato pa salaula adziwa bwino zimenezi.

Nanga mpatawo umagwira nchito yanji? Kabango kali ngati citseko cokhala ndi sipuling'i. Mphamvu ya mpweya yofunika kuti kabango kafike pa nsonga n'kutseka imadalira zinthu ziwiri pamodzi: kulimba kwa kabangoko ndi kutalika kwa ulendo umene kayenera kuyenda. Mpata ukakula, ulendo watalika, cotero woliza ayenera kuuzira mwamphamvu ndi kulimbitsa milomo. Malipiro ake ndi akuti akhoza kuliza mokweza kabango kasanatsekeke, ndiponso akhoza kupinda mau monga afunira, kukwera ndi kutsika ngati munthu wolira maliro. Mpata ukacepa, mau amatuluka msanga ndipo sasocera, koma woliza akauzira mopitirira, kabango kamamatirira ndipo liu limazima. N'cifukwa cace mpata waukulu umayenda ndi kabango kofewa, mpata waung'ono ndi kabango kolimba.

Apa ndi pamene masamu atithandiza. Kucoka pa 1.60 kufika pa 1.70 ndi kuonjezera magawo 6 pa 100 alionse. Woliza wozolowera amamva kusiyana kumeneku m'milomo ndi m'cifuwa, makamaka akaliza kwa maola awiri pa ukwati. Koma munthu wokhala pa benchi la kumbuyo m'chalichi, ngakhale atachera khutu cotani, kawirikawiri sangakuuzeni kuti iyi ndi 4C, iyi ndi 5C. Pali zifukwa ziwiri. Coyamba, mpata umene amayesa ku fakitale ndi wa mouthpiece ili gone pa thebulo. Ikangolowa m'kamwa, mlomo wa m'munsi umakankha kabango ndipo mpatawo umacepa, mwina kwambiri mwina pang'ono, malinga ndi kaluma ka munthuyo. Caciwiri, kabango ndi comera. Bango lake, limene a sayansi amalicha Arundo donax, limalimidwa kwambiri m'cigawo ca Var kumwera kwa France, ndipo m'bokosi limodzi la timabango khumi ta nambala yofanana mumapezeka tina tolimba, tina tofewa. Kusiyana kwa timabango tiwiri ta m'bokosi limodzi kukhoza kumeza kusiyana konse kwa nambala imodzi ya mpata.

Ife tiona kuti kulumpha nambala imodzi sikuyenera ulendo wa ku Lusaka. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Koma kulumpha manambala atatu kapena anai ndi nkhani ina. Otto Link nambala 5 ili ndi mpata wa mamilimita 2.0, nambala 8 ili ndi pafupifupi 2.8, ndipo mwana wa Giredi 8 akapatsidwa yaciwiriyi pamodzi ndi kabango kolimba, adzaluma mpaka mlomo kucita zilonda, mau apansi adzakana kutuluka, ndipo pakutha kwa temu adzanena kuti saksofoni si yake. Aphunzitsi ambiri amayambitsa ana pa mpata wonga wa 4C ndi kabango ka nambala 2 kapena 2½, ndipo sanalakwe.

Komatu tisafulumire kunena kuti zazing'ono zilibe kanthu. Mu 1966, John Coltrane, katswiri wa tenor wa ku America, anauza wolemba nkhani Frank Kofsky kuti zaka zingapo m'mbuyomo anapereka mouthpiece yake yabwino kuti aikonze, ndipo m'malo moti ikome, inaonongeka, kotero kuti zina zimene anali kuliza mwaliwiro zinayamba kumubvuta. Wokonza zotere amacotsa fumbi cabe, losaoneka ndi maso. Cimene cimasinthika si mpata wokha. Kabango kamagona pa tinjanji tiwiri ta m'mbali, timene timapindika pang'onopang'ono kufikira kunsonga, ndipo kutalika ndi kusalala kwa kupindikako ndiko kumalamula mmene kabango katsekere. Kanjanji kamodzi kakatsika kuposa kanzake, mpweya umathawa ndipo saksofoni imalira ngati mwanapiye. Mkati namonso muli denga ndi cipinda: denga lotsika pafupi ndi kabango limapereka mau akuthwa, cipinda cacikulu cimapereka mau onenepa. Ma mouthpiece awiri a mpata wofanana ndendende akhoza kumveka mosiyana kutalitali cifukwa ca zimenezi. Cotero amisiri athu a luso, amene amakonza njinga ndi wailesi popanda buku, pano pokha asunge tupa ndi sandipepa m'thumba.

Cotsala ndi munthu mwini wake, ndipo pa ici sitifunika kupita kutali kukafuna umboni. Saksofoni, imene Adolphe Sax wa ku Belgium analembetsa ku Paris mu 1846, inafika m'makutu a anthu a kuno kudzera mwa macona obwerera kucokera ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku Joni, atanyamula magalamafoni ndi mbale zake. Nyimbo ya Skokiaan ya August Musarurwa wa ku Bulawayo inafika mpaka ku America mu 1954. Spokes Mashiyane, mfumu ya kwela ku Johannesburg, anayamba ndi kacitoliro kacitsulo ka mtengo wocepa asanatenge saksofoni mu 1958. Tsidya lino la Zambezi, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka m'dziko la Malawi anasunga kwela wa kacitoliro pamene kwina anali atamsiya, ndipo Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anakumana nao mu 1967, analongosola kalizidwe kake. Oliza kwela amalowetsa mutu wa citoliro m'kati mwa kamwa, atacipendeketsa cakumbali, kotero kuti kamwa limasanduka mbali ya cidaco. Citoliro ca m'sitolo comweco cimene mwana amaliza mopyapyala cimatulutsa liu lodzaza, lotha kupindika. Fakitale inapanga zitoliro zofanana, koma pakamwa panasiyana.

A sayansi anatsimikiza zonga zomwezi pa saksofoni. Mu 2008, Jer-Ming Chen, John Smith ndi Joe Wolfe a pa University of New South Wales ku Australia anayesa za m'kamwa ndi pakhosi pa anthu ali mkati moliza. Anapeza kuti akatswiri amasintha kaimidwe ka lilime ndi mmero kuti afike pa mau apamwamba kwambiri, pamene ophunzira, posadziwa kutero, amalephera kufikapo. Luso limeneli siligulidwa ndi nambala.

Tsono wophunzira wa kwathu kuno, asanapemphe ndalama kwa makolo, ayambe wayesa cimene ali naco. Aloze mouthpiece ku kuwala, aone ngati nsonga siinabenthuke ndipo tinjanji tili tofanana. Kenaka amange kabango konyowa, atseke kumbuyo kwa mouthpiece ndi cikhatho, ayamwe mpweya wonse ndi kucotsa pakamwa. Kabango kakamatirira kwa kamphindi kenaka n'kulira kuti phwa, zonse zili bwino. Kakapanda kumatirira, pali pothawira mpweya, ndipo nthawi zambiri mlandu uli pa kabango kopindika. M'miyezi ya September ndi October, pamene mphepo yauma ndipo malata a chalichi atentha, kabango kakasiyidwa pa mouthpiece kamauma mokhota. Akacotse akatha kuliza, akapukute, akagoneke pa kagalasi kosalala, ndipo mouthpiece asaisiye pa windo la dzuwa.