Mwana wanu akakuuzani kuti "ndine mkazi"

Alipo anthu amene adabadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima amadzidziwa kuti ndi akazi, ndipo maganizowa sachoka ngakhale papite zaka. Achipatala timawatcha ma transgender. Nkhani yawo ndi yosiyana ndi ya mwana wobadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino, ndi yosiyananso ndi ya amuna ogonana ndi amuna anzawo, ngakhale pa wailesi anthu amangozisakaniza.

Kuulula zimenezi m'Malawi muno si chinthu chapafupi. Mu 2010 khoti ku Blantyre lidalamula Tiwonge Chimbalanga, amene amadziona ngati mkazi, ndi Steven Monjeza kukakhala kundende zaka 14, mpaka mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika adawakhululukira. Mu July 2023 mipingo idaguba m'mizinda, ndipo mu June 2024 khoti lidakana pempho la Jana Gonani loti malamulo oletsa amuna kugonana okhaokha achotsedwe. Mwana amene akubwera kwa inu zonsezi adazimva kale. Wabwerabe.

Kodi wadwala misala? Ayi. Mu 2019 bungwe la WHO lidachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a muubongo. Chimene timachiopa ndi zotsatira za kukanidwa: kusowa tulo, kuledzera, maganizo ofuna kudzipha. Wothamangitsidwa pakhomo kawirikawiri amathera m'tauni, kugonana ndi anthu kuti apeze chakudya. Kafukufuku wa mu 2013 wa m'maiko 15 adapeza kuti mwa amayi otere 100 alionse, pafupifupi 19 anali ndi HIV. Kumenya, kumeta tsitsi mokakamiza kapena kumupezera mkazi sikusintha mmene munthu amadzionera, kumangomuphunzitsa kubisa.

Simukukakamizidwa kumvetsa zonse tsiku lomwelo, ngakhale kusiya chikhulupiriro chanu. Mverani kaye, ndipo musathamangire kuuza amalume kapena abusa mwini wake asanavomere. Mukaona kuti wasiya kudya, akudzipatula kapena akugawa katundu wake, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funsoli silimupatsa munthu maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, bisani tameki ndi mankhwala ena, mupite naye kuchipatala.

Mufunseninso za mapiritsi. Ena amagula okha mapiritsi akulera pofuna kuti mawere akule, nkumamwa angapo patsiku. Mtundu wa estrogen umene uli m'mapiritsiwa ungathe kuundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa wosuta fodya. Mwendo umodzi ukatupa nkumapweteka, kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche.

Kwa inu ogwira ntchito zaumoyo modzipereka, chinsinsi chake chisungidwe monga mumasungira cha munthu amene akumwa ma ARV, chifukwa mawu amodzi otayika pachitsime angamumenyetse. Muitaneni ndi dzina limene wakupatsani, muuzeni koyezetsera magazi, ndipo ngati alibe kachilombo afunse za PrEP.