Eyakoni Ikamauzira Mpweya Wofunda, Musathamangire Kugula Gasi

Okutobala akafika, galimoto imene yakhala padzuwa ola limodzi imasanduka uvuni. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka mawindo kumaposa pamenepo. Ana aang'ono, agogo ndi odwala mtima ndi amene amavutika msanga. Ndi nthawi imeneyi pamene mabanja ambiri amatulukira kuti eyakoni yawo ikungouzira mpweya wofunda, ndipo aliyense amangoti, "Gasi watha."

Komatu gasi wa mu eyakoni satha ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Kompresa imam'panikiza, kenako amakataya kutentha kwake pa kondensa, chija chooneka ngati redieta yopyapyala kutsogolo kwa galimoto. Akachoka apo amakazizira kuseri kwa dashibodi, pamene fani imauzira kuzizirako kwa inu. Ngati gasi wachepa ndiye kuti pali pamene akutulukira. Kuthira wina musanapeze malowo n'kutungira madzi m'chidebe chobooka.

Yambani ndi zinthu zosadya ndalama. Ngati mpweya ukutuluka mofooka ngakhale fani ili pa nambala yomaliza, tsegulani kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala. M'magalimoto ambiri sefa ya mpweya imakhala kuseri kwake. Ndi fumbi la m'misewu yathu sefayi imatsekeka msanga, ndipo yakuda imabweretsa fungo la chinyezi lomwe limatsokomoletsa anthu a mphumu. Kuisintha ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Ngati eyakoni imazizira mukamathamanga pamsewu wa M1 koma imafunda mukaima pamzere wa magalimoto m'tauni, vuto kawirikawiri silikhala gasi. Yang'anani ngati fani ya kutsogolo ikuzungulira eyakoni ikayatsidwa. Yang'ananinso kondensa: udzu, tizilombo ndi matope zimamata timipata take. Injini itazizira, itsukeni ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, chifukwa timapiko take timapindika mosavuta.

Tsopano tsegulani boneti, wina alize injini ndi kuyatsa eyakoni, inu mukuyang'ana kompresa. Manja, zovala ndi tsitsi zikhale kutali ndi lamba. Pa magalimoto ambiri mudzamva kaphokoso kakuti "kha", ndipo mbale ya pakati pa gudumu la kompresa idzayamba kuzungulira. Ikapanda kutero, onani fyuzi ndi rileyi ya eyakoni m'bokosi la mafyuzi. Ngati rileyi ya hutala ili ndi nambala yofanana, zisinthanitseni kuti muyese. Kompresa imathanso kukana kuyamba gasi akachepa kwambiri, chifukwa pali switchi yoiteteza kuti isaume mafuta n'kupsa. Ikamayamba ndi kusiya pa masekondi ochepa aliwonse, gasi ayenera kuti wachepadi. Fufuzani m'malo olumikizira mapaipi. Gasi amayenda pamodzi ndi mafuta, choncho podontha pamakhala ponyowa mafuta, pomata fumbi lakuda. Madzi a sopo amachita thovu pamalo otero. Koma madzi oyera amene amadontha pansi pa galimoto mukaima si vuto, n'chinyezi chabe chochoka mu mpweya.

Musanagule chitini chilichonse, werengani kapepala komata pansi pa boneti. Kamatchula mtundu wa gasi ndi magalamu ake, omwe pa galimoto yaing'ono sapitirira kwenikweni theka la kilogalamu. Magalimoto akale kwambiri ankagwiritsa ntchito R12, amene analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa ankawononga mpweya wotiteteza ku dzuwa. Kuyambira cha m'ma 1994 ambiri anayamba R134a, ndipo ndi amene ali m'ma Vitz, Sienta ndi Fit ambiri ochokera ku Japan. Atsopano, makamaka ogulitsidwa ku Ulaya kuyambira 2017, ali ndi R1234yf, yemwe amatha kuyaka. Mitunduyi siyisakanizidwa.

Eni ake a Aqua ndi Prius, apa ndiye imani. Kompresa ya magalimoto a hybrid imayendera magetsi amphamvu kwambiri ndipo imafuna mafuta akeake osadutsa magetsi. Zitini zambiri za m'sitolo zimabwera ndi mafuta wamba osakaniza kale, omwe angawononge kompresa yodula. Imeneyi ndi ntchito ya makaniko wodziwa hybrid basi.

Chenjeraninso ndi gasi wotchipa wosadziwika kochokera. Mu 2011 makontena oziziritsa katundu anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil n'kupha anthu, ndipo chinapezeka n'chakuti munathiridwa gasi wachinyengo wosakaniza ndi mankhwala otchedwa R40. Gasi wophikira nayenso amaziziritsa ndithu, koma akadonthera m'kati mwa galimoto moto suchedwa. Ngakhale zitini zolembedwa kuti zimamata podontha, ine sindizikhulupirira: mankhwala ake amathanso kutseka timipata tofunika.

Ngati galimoto yanu ndi ya R134a, eyakoni ikuziziritsako pang'ono, ndipo simunapeze kudontha kwakukulu, mukhoza kuwonjezera nokha. Gulani chitini chokhala ndi paipi ndi geji. Gwirirani ntchito panja, kutali ndi mbaula kapena moto uliwonse, chifukwa gasiyu akapsa amatulutsa utsi wa poizoni. Valani magalasi ndi magolovesi. R134a amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro, kotero akakuthirani pakhungu amawotcha ndi kuzizira, ndipo m'maso angakuchititseni khungu. Zikachitika, tsukani ndi madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 15, osatikita, kenako pitani kuchipatala.

Pali malo awiri olumikizira. Anu ndi a pa paipi yonenepa, okhala ndi kachivindikiro kolembedwa L. A pa paipi yopyapyala, olembedwa H, ali ndi mphamvu yokhoza kuphulitsa chitini m'manja mwanu. Lizani injini, ikani eyakoni pozizira kwambiri, fani pa nambala yomaliza. Werengani geji kompresa ikuzungulira, chifukwa ikaima singano imakwera ndipo imanamiza. Kukamatentha madigiri 27 mpaka 32, singano iyenera kukhala cha pakati pa 40 ndi 55 psi. Gwirani chitini choimirira, osachizondotsa, thirani kwa masekondi 5 kapena 10, siyani, dikirani singano ikhazikike, mumve mpweya ndi dzanja. Ikafika m'malire, lekani ngakhale chitini chisanathe. Gasi wochuluka amachepetsa kuzizira ndipo amalemetsa kompresa.

Geji ikasonyeza ziro, musathire. Mapaipi opanda gasi amakhala atalowa mpweya ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chimapanga asidi wodya zitsulo m'kati. Pamafunika makaniko amate podontha, akoke mpweya wonse ndi pampu kwa theka la ola, kenako athire gasi pa sikelo. Mukawonjezera lero n'kupeza kuti pakutha sabata ziwiri mpweya wafundanso, njira ndi yomweyo. Mufunseni makanikoyo ngati ali ndi makina osungira gasi wotsala, popeza kilogalamu imodzi ya R134a imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 1,430 a mpweya wa carbon dioxide.

Ikakonzeka, muziiyatsa kwa mphindi 10 sabata iliyonse, ngakhale m'Juni kukuzizira. Mafuta akamazungulira, timphira ta m'malo olumikizira sitiuma, ndipo gasi amakhalitsa.