Magetsi Akapita, Ntchito Isapite Nawo

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinagwa m'Zambia ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana, ndipo pofika September madera ena ankakhala mumdima maola oposa 20 patsiku. Kwa mphunzitsi wa Computer Studies ku Sinda, kalaliki wa ku Katete kapena mlangizi wa zaulimi ku Vubwi, vuto linali limodzi: batire ya laputopu kutha lipoti lisanathe.

Pa vuto ngati limeneli, makompyuta oyendera Linux ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu zogonera. Yoyamba ndi suspend: makina amasinza chabe, zonse zotsegula zimakhalabe mu RAM, ndipo RAM imamwabe moto pang'onopang'ono. Batire ikauma, zonse zafufutika. Yachiwiri ndi hibernate. Apa kernel, yomwe ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, imaimitsa mapulogalamu onse, n'kukopera za mu RAM pamalo a diski otchedwa swap, kenaka n'kuzimitsiratu makina. Zili ngati kututa chimanga n'kuika m'nkhokwe m'malo mochisiya pamkukwe. Ngakhale patapita sabata, munthu akayatsa amapeza kalata yake pamzere womwewo umene anasiyira.

Koma izi sizichitika zokha, ndipo Ubuntu, mtundu wina wa Linux, saonetsa n'komwe batani la hibernate poyamba. Wokonza makompyuta ayenera kuonetsetsa kuti swap ndi yaikulu mokwanira. Laputopu ya RAM ya 8 GB ikapatsidwa swap ya 8 GB, mtima umakhala m'malo. Kenaka auze kernel kumene idzapeze zosungidwazo, polemba resume= ndi nambala ya UUID ya swap mu GRUB, pulogalamu imene imadzutsa Linux makina akayatsidwa. Swap ikakhala fayilo, pamafunikanso resume_offset=. Akakonzanso GRUB ndi initramfs, ayese ndi lamulo lakuti systemctl hibernate. Nthawi zambiri makina akakana, chifukwa chake chimakhala Secure Boot, imene imachititsa kernel kutseka njirayi pofuna chitetezo.

Pali ngozi ziwiri zofunika kuzidziwa. Kompyuta imene ili ndi Linux ndi Windows pamodzi isayatsidwire mbali inayo n'kusintha mafayilo pa diski yomweyo pamene ili pa hibernate, chifukwa mafayilo akhoza kuwonongeka. Chinanso, zimene zalembedwa pa swap zimaphatikiza mawu achinsinsi ndi chilichonse chimene chinali chotsegula. Ofesi yosunga mayina a odwala, a ana a sukulu kapena a alimi olandira feteleza ili ndi udindo pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2021, choncho swap yake ikhale yokhomedwa ndi encryption. Kupatula ngozi ziwirizi, kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire yapadera) ndiye siingathandizike magetsi akaduka mwadzidzidzi. Mwini wake aigoneke yekha ola la pandandanda wa ZESCO lisanakwane.

Nanga amayang'anira zonsezi ndani? Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo chilolezo chake cha GPL chimalola aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Kernel inagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi ochisamalira ake. Za suspend ndi hibernate wakhala akuziyang'anira kwa zaka zambiri ndi Rafael Wysocki. Zosintha zimaunikidwa poyera, zatsopano zimalandiridwa kwa milungu iwiri, kenaka n'kuyesedwa, ndipo kernel yatsopano imatuluka pa milungu 9 kapena 10 iliyonse. Mnyamata wa ku Vubwi amene wapeza cholakwika ali ndi ufulu wochinena monganso injiniya wa ku Intel, ndipo salipira ngwee.

Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a PTA, polandira kapena pogula malaputopu a Linux, asamulole wokonza kunyamuka asanaike hibernate n'kuiyesa pamaso pawo.