MASIKU 5 A MANUEL MERINO PA MPANDO WA UTSOGOLERI WA PERU

Inu owerenga, makamaka amene muphunzira za kayendetsedwe ka maboma, lero tiyeni tione dziko la Peru, limene liri ku gombe la kumadzulo kwa South America. Kumeneko, m'mwezi wa Novembala 2020, dziko linakhala ndi mapulezidenti atatu m'masiku osakwana 10.

Ciyambi ca nkhaniyi ciri m'malamulo a dziko a 1993. Malamulowo apatsa Nyumba ya Malamulo mphamvu yocotsa pulezidenti ngati aphungu aona kuti makhalidwe ace sayeneranso udindowo. M'nyumbayo munali aphungu 130, ndipo pofunika 87 kuti mtsogoleri acoke. Pa 9 Novembala aphungu 105 anavomereza kucotsa Pulezidenti Martín Vizcarra, pomuneneza kuti analandira ziphuphu pamene anali bwanamkubwa wa cigawo ca Moquegua. Iye anakana mlanduwo, koma mpando anausiya.

Tsono mufunse kuti, kodi waciwiri wace anali kuti? Vizcarra mwini ndiye anali waciwiri woyamba, amene analowa m'malo mwa Pedro Pablo Kuczynski mu 2018, ndipo waciwiri wotsala, Mercedes Aráoz, anali atatula kale pansi udindo. Motero lamulo linaloza kwa mkulu wa Nyumba ya Malamulo, Manuel Merino, wa cipani ca Acción Popular. Iye analumbira pa 10 Novembala, nasankha Ántero Flores-Aráoz kukhala nduna yaikulu.

Anthu ambiri, makamaka acinyamata, sanakondwe. Iwo anaona kuti aphungu alanda boma, pakuti amene anatsogolera nyumba yocotsa pulezidenti ndiye anadzakhala pa mpandowo, komanso cisankho ca Epulo 2021 cinali pafupi. Zionetsero zinabuka mu mzinda wa Lima ndi m'mizinda ina. Usiku wa pa 14 Novembala, polimbana ndi apolisi, anyamata awiri anaphedwa, Inti Sotelo ndi Bryan Pintado, ndipo ambiri anavulala. Nduna zambiri zinatula pansi maudindo usiku womwewo, ndipo pa 15 Novembala Merino nayenso anatula, atalamulira masiku 5 okha. Aphungu anasankha Francisco Sagasti, amene analumbira pa 17 Novembala nasunga dziko kufikira pa 28 Julaye 2021, pamene anapereka mpando kwa Pedro Castillo.

Akulu amati kuthamanga sikufika. Merino anatsata njira imene malamulo analemba, koma anthu olamulidwa sanamuvomereze, ndipo mpando unamukanika. Tsono inu kambiranani m'kalasi funso iri: kodi mawu a lamulo onga akuti "makhalidwe osayenera", amene aliyense angawamasulire monga afunira, ateteza dziko, kapena asanduka cida m'manja mwa aphungu?